Pangano Lisowa Ankhoswe: Boma, Makolo ndi Mwana wa Sukulu ku Nyanja

Mawu olankhulidwa pamaso pa nthumwi za Sinodi



Munthu woyenda m'mbali mwa nyanja m'mamawa, kuchokera ku Chiwanda kudzera ku Mbamba Bay ndi ku Liuli mpaka kukafika ku Lituhi, amakumana ndi magulu awiri a ana. Gulu loyamba lavala yunifolomu, makope ali m'manja, ndipo likuthamanga kuti belu lisalire lili panjira. Gulu lachiwiri lili padoko: ena akukoka mabwato, ena akuyanika usipa pamathandala, ndipo ena angotsika kumene m'bwato, maso ali psuu chifukwa chochezera panyanja usiku wonse. Ana a magulu awiriwa ndi a msinkhu umodzi. Ambiri a iwo mayina awo ali m'kaundula mmodzi wa sukulu, ndipo nthawi zina amakhala a bere limodzi.

Kwa zaka pafupifupi 50 Boma la Tanzania lakhala likufunafuna njira yochotsera mwana m'gulu lachiwiri ndi kumuika m'gulu loyamba. Layesa lamulo, layesa kuchotsa fizi, layesanso kupereka ndalama kwa makolo osauka. Njira zonsezi, ngakhale zili zosiyana, maziko ake ndi amodzi: Boma likuti lidzachita zakuti, kholo nalo lichite zakuti. Limeneli ndi pangano. Tsono funso loyenera kuti Sinodi ino ilisinkhesinkhe ndi ili: nchifukwa ninji pangano lokonzedwa bwino chotere limaduka kawirikawiri lisanafike pakhonde pa nyumba?

Yankho lake anthu a kumudzi amalidziwa kale kuchokera ku nkhani za ukwati. Mwamuna ndi mkazi akhoza kulonjezana zokoma zonse, koma ukwati wopanda ankhoswe sulimba, pakuti tsiku la mavuto pamakhala palibe wothamangirako. Pangano la Boma ndi makolo nalonso likusowa ankhoswe.

1. Sukulu idafika kuno ndi pangano

Kupangana pa za sukulu si chinthu chachilendo ku nyanja ino. William Percival Johnson, amene adafika kuno kumayambiriro a zaka za m'ma 1880 ndi kumwalira ku Liuli m'chaka cha 1928, adagwira ntchito yake yambiri ali m'sitima. Mishoni itakhazikika pa Likoma m'chaka cha 1885, sitima ya Charles Janson, ndipo pambuyo pake ya Chauncy Maples imene idalowa m'madzi mu 1901, zinkayendera midzi ya kum'mawa kwa nyanja kukatula aphunzitsi, mabuku ndi masileti. Nawonso ansembe a chipani cha Benedikito Woyera, amene adakhazikika ku Peramiho mu 1898, ankatsegula sukulu m'midzi ya kumapiri ndi ya kunyanja.

Sukulu ya masiku amenewo inkayamba ndi kumvana. Mfumu inkapereka malo, anthu ankadula mitengo ndi kumweta udzu, mishoni inkatumiza mphunzitsi, ndipo makolo ankalonjeza kutumiza ana. Panalibe chikalata chosaina. Koma mphunzitsi uja ankakhala m'mudzi momwemo, ankadya kondowole yemweyo, ndipo ankadziwa kuti mwana uyu ngwa yani. Mwana akajomba m'mawa, madzulo ake mphunzitsi ankapezeka atakhala pakhonde pa atate ake. Nthawi imeneyo isatamandidwe mopitirira, chifukwa ana ofika kusukulu adali owerengeka, atsikana adali ochepa koposa, ndipo ambiri ankalekezera makalasi oyamba. Komabe chinthu chimodzi chidalipo: pakati pa sukulu ndi nyumba padali munthu woyenda uku ndi uku.

M'chaka cha 1969 Boma lidakhazikitsa lamulo lotenga sukulu za mishoni kuti zikhale m'manja mwake. Cholinga chake chidali chabwino, chakuti mwana aliyense aphunzire popanda kufunsidwa za chipembedzo chake. Komatu m'malo ambiri mpingo, popereka makiyi a sukulu, udaperekera kumodzi ndi mwana yemwe, nuyamba kunena kuti za kujomba ndi za Boma.

2. Mapangano atatu a Boma

Pangano loyamba ndi la lamulo. M'chaka cha 1974, pamsonkhano wa ku Musoma, chipani cha TANU pansi pa Mwalimu Julius Nyerere chidagamula kuti pofika 1977 mwana aliyense akhale ndi malo kusukulu ya pulayimale. Lamulo la Maphunziro la 1978 lidaika udindo pamutu pa kholo: kulembetsa mwana akakwana zaka 7, ndi kuonetsetsa kuti akupita kusukulu mpaka atamaliza. Kholo lolephera likhoza kulipitsidwa chindapusa, mwinanso kumangidwa. Ana adadzaza m'makalasi. Koma chuma cha dziko chitagwa m'zaka za m'ma 1980, fizi ndi zopereka zina zidachuluka, mabuku adasowa, ndipo ana ambiri adabwerera kumunda ndi kunyanja lamulo lili chikhalire m'buku.

Pangano lachiwiri ndi logawana katundu. M'chaka cha 2002, m'nthawi ya Pulezidenti Benjamin Mkapa, fizi ya kupulayimale idachotsedwa, ndipo Boma lidalonjeza kuti pa mwana aliyense lizipereka madola 10 pachaka oyendetsera sukulu. Kwa zaka zambiri ndalama imeneyi sinkafika yonse. M'mwezi wa January 2016, m'nthawi ya Pulezidenti John Magufuli, maphunziro opanda fizi adafika mpaka Folomu 4, ndipo mu 2022 Folomu 5 ndi 6 zidawonjezedwa. Kalata ya Unduna wa Maphunziro nambala 3 ya 2016 idalongosola mbali ya aliyense. Boma lidasenza fizi, mayeso ndi ndalama zoyendetsera sukulu. Kholo lidatsala ndi yunifolomu, makope, zolembera, chakudya cha mwana wogonera kunyumba, ndi kulondoloza ngati mwana akufikadi m'kalasi. Tsoka ilo, chimene chidamveka m'midzi ndi mawu awiri okha a Chiswahili, akuti elimu bure, ndipo ambiri adayesa kuti kholo lamasulidwa ku zonse. Pamene mu January 2018 Pulezidenti adaletsa aphunzitsi kutolera zopereka, chisokonezo chidakula, kotero kuti m'sukulu zina phala la masana lidaleka kuphikidwa. Mu 2021 Boma lidatulutsa malangizo a chakudya cha kusukulu, amene akubwezanso mbali yaikulu ya ntchitoyi kwa makolo ndi mudzi.

Pangano lachitatu ndi la ndalama, ndipo ndilo lofanana kwambiri ndi pangano lenileni. Thumba la TASAF, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 2000, lidayamba mu 2010 kuyesa njira yatsopano m'midzi ya ku Bagamoyo, Kibaha ndi Chamwino. Nzeru yake idachokera ku Mexico, kumene ndondomeko ya Progresa idayamba mu 1997, ndi ku Brazil, kumene Bolsa Família idayamba mu 2003. Banja losauka limalandira ndalama, koma limalonjeza kutumiza ana kusukulu ndi kupita ndi makanda kusikelo. Kuyesako kutaonetsa zipatso, Pulezidenti Jakaya Kikwete adakhazikitsa gawo lachitatu la TASAF mu 2012, ndipo pofika 2015 mabanja pafupifupi 1,100,000 m'dziko lonse adali atalembedwa, kuphatikizapo a m'midzi ya wilaya ya Nyasa. Gawo lina la ndondomekoyi lidatsegulidwa mu February 2020.

Kayendetsedwe kake m'zaka zoyambazo kadali kotere. Msonkhano wa mudzi unkatchula mabanja ovutikitsitsa, ndipo akalembera ankabwera kudzaona za pakhomo pawo. Ndalama zinkaperekedwa pa miyezi iwiri iliyonse, makamaka m'manja mwa mayi. Gawo lina la ndalamazo linkabwera popanda chofunsa. Gawo lina linkadalira kuti mwana apezeke m'kalasi masiku 80 mwa masiku 100 alionse a sukulu, ndipo mphunzitsi ankalemba fomu yochitira umboni. Mwana wa kupulayimale ankawerengeredwa mashilingi 2,000 pamwezi, ndipo banja lonse silinkapitirira mashilingi 38,000 pamwezi. Mwana akajomba mopyola muyeso, gawo lake linkadulidwa.

3. Zimene zidaoneka kwina

Kutsidya kwa nyanja, m'boma la Zomba ku Malawi, kudachitika kafukufuku m'zaka za 2008 ndi 2009 amene mbiri yake idafika kutali. Atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 adagawidwa m'magulu. Ena ankalandira ndalama, iwo pamodzi ndi makolo awo, pokhapokha akapita kusukulu masiku 80 mwa 100. Ena ankalandira popanda lamulo lililonse. Ena sankalandira kanthu. Zotsatira zake zidali za mbali ziwiri. Ndalama ya lamulo ndiyo idasunga atsikana ambiri m'kalasi, ndipo idawathandizanso kuwerenga Chingerezi bwinopo. Koma pa nkhani ya mimba ndi maukwati a msanga, ndalama yopanda lamulo ndiyo idapambana. Chifukwa chake nchomveka. Mtsikana wa gulu la lamulo akangosiya sukulu, ndalama inkatha tsiku lomwelo, ndipo njira yotsala inkakhala ya kubanja. Mnzake wa gulu linalo, ngakhale atasiya sukulu, ankakhalabe ndi kangachepe kogulira sopo, motero sankathamangira mwamuna.

Phunziro lake ndi lolemera. Pangano la ndalama limalimbikitsa mwana amene akadali chilili, koma limachoka pakhomo tsiku lomwe mwana wagwa, nthawi imene nyumbayo ikulifuna koposa. Okonza ndondomeko ya TASAF adachita nzeru posiya gawo lina losadulidwa. Komabe ndalama siigogoda pachitseko kufunsa chimene chachitika.

Ku England nako kudayesedwa njira ya pepala. Lamulo la 2003 lidalola sukulu kapena khonsolo kusainirana chikalata ndi kholo la mwana wojomba kapena wa khalidwe lovuta. Chikalatacho chidali ndi mbali ziwiri: kholo linkalemba zimene lidzachita, ndipo akuluakulu ankalemba chithandizo chimene adzapereka. Kholo silinkakakamizidwa kusaina, koma nkhani ikafika kubwalo la milandu, woweruza ankamva kuti lidakana kapena lidaphwanya. Chindapusa chilipo, ndipo kuyambira August 2024 chidakwera kufika mapaundi 80, kapena 160 kwa wochedwa kulipira. Ndende nayo idayesedwa. M'chaka cha 2002 mayi wina wa ku Banbury adaweruzidwa kukhala m'ndende masiku 60 chifukwa cha kujomba kwa ana ake aakazi, ndipo mu 2004 adamangidwanso pa mlandu wa mtundu womwewo. Ngati dziko la chuma chotero, la makalaliki ndi mabwalo okwanira, silidathetse kujomba ndi pepala kapena ndi ndende, nkovuta kuyembekeza kuti kalata ya mtendaji wa mudzi payokha idzakuthetsa ku Mbamba Bay.

4. Pamene pangano limadukira ku nyanja

Nthumwi iliyonse ikudziwa nyumba ya mtundu uwu: agogo aakazi akulera adzukulu atatu, chakudya chawo ndi chinangwa cha kamunda kamodzi, ndipo wamkulu mwa anawo ndi mnyamata wa zaka 13. Mwezi ukalowa mumdima, nthawi imene usipa umatsata nyali, mwini bwato amafuna manja owonjezera. Usiku umodzi wabwino ukhoza kumpatsa mnyamatayo zoposa zimene dzina lake linkabweretsa pamwezi wathunthu m'buku la TASAF, ndipo amabwera ndi ndiwo zomwe. Agogo aja sadana ndi sukulu ayi. Akungowerenga monga awerengera munthu wanjala. Nchifukwa chake aphunzitsi a m'mbali mwa nyanja amatha kudziwa za mwezi wa kumwamba pongoyang'ana m'kaundula, monganso anzawo a kumapiri a Amatengo amadziwira nyengo yothyola khofi. Kuwonjezera apo, m'dzinja mitsinje yotsika m'mapiri imadzaza ndi kudula njira, ndipo mwana wa Sitandade 1 sangawoloke pamene wamkulu akuvula malaya.

Mtsikana ali ndi mtolo wakewake. Sukulu za sekondale za m'kata, zimene zidamangidwa zambiri kuyambira 2004, zidabweretsa maphunziro pafupi, koma kwa midzi ina mtunda udakali wautali, ndipo kumene kulibe nyumba zogona ana, mtsikana wa zaka 14 amachita lendi kachipinda kutali ndi amake. Msewu wa tara wa makilomita 66 wochokera ku Mbinga, ndi doko latsopano la Mbamba Bay limene Pulezidenti Samia Suluhu Hassan adaliikira mwala wa maziko mu September 2024, ndi madalitso kwa wilaya ino imene idapatulidwa ku Mbinga mu 2012. Koma walira mvula walira matope: kumene kwafika magalimoto ndi ndalama kumafikanso anthu odziwa mtengo wa mwana wanjala.

Malamulo oteteza mtsikana alipo. Mu 2016 Lamulo la Maphunziro lidasinthidwa kuti wopereka mimba kwa mwana wa sukulu, kapena womkwatira, akhale m'ndende zaka 30. M'chaka chomwecho Khoti Lalikulu lidagamula kuti ndime za lamulo la ukwati la 1971 zolola mtsikana kukwatiwa asanakwane zaka 18 nzosemphana ndi malamulo aakulu a dziko, ndipo khoti la apilo lidavomereza chigamulocho mu 2019. Mu 2017 kudalengezedwa kuti mtsikana wotenga mimba asabwererenso kusukulu ya Boma, koma mu November 2021 nduna ya maphunziro, Joyce Ndalichako, idatsegulanso khomo, ndipo mtsikana akhoza kubwerera pasanathe zaka ziwiri. Komabe chilango chikakula, mabanja ena amasankha kubisa nkhani ndi kumvana mseri, mtsikana nkungozimirira m'kaundula popanda womufunsa.

Pangano lili ndi mbali ziwiri, ndipo nkulakwa kuloza chala kholo lokha. Kholo likasunga mbali yake, mwana amakapeza chiyani m'kalasi? Kafukufuku wa Uwezo wa 2010 adapeza kuti m'dziko lonse, mwa ana 10 a Sitandade 3, atatu okha ndiwo ankatha kuwerenga kankhani ka Chiswahili ka Sitandade 2. Mwana wa kuno amabadwira m'Chinyasa, Chimpoto, Chimanda kapena Chimatengo, amaphunzira kupulayimale m'Chiswahili, ndipo akafika Folomu 1 amapeza zonse zili m'Chingerezi. Mwana wokhala chaka chathunthu osamva zimene zikunenedwa, kujomba kwake si ulesi wokha. Msodzi woona kuti mwana wake watha zaka 7 m'kalasi koma sangathe kumuwerengera kalata ali ndi ufulu wofunsa kuti waphwanya pangano ndani.

5. Khalidwe siligulidwa

Kupezeka m'kalasi kumawerengedwa ndi kulembedwa pafomu. Khalidwe silitero. Palibe ndalama imene ingalipiridwe kuti mwana aleke bodza, alemekeze akulu, kapena apewe chamba cha padoko. Njira imene sukulu zambiri zadalira ndi chikoti. Malamulo a 2002 amalola zikoti zosapitirira 4, zoperekedwa ndi mphunzitsi wamkulu kapena amene iye wamlola, ndi kulembedwa m'buku. Koma muyeso umenewu suli wosungidwa ponseponse, ndipo dziko lonse lidanjenjemera mu 2018 pamene mwana wa sukulu ku Bukoba adamwalira atamenyedwa ndi mphunzitsi. Mwana wochedwa chifukwa cha mtsinje, akadziwa kuti pakhomo pa sukulu pakumudikira chikoti, amasankha kubisala m'chinangwa mpaka anzake ataweruka. Motero chilango chofuna kuthetsa kujomba chimabala kujomba.

Akale adati kuongola mtengo mpoyamba. Khalidwe limaumbidwa pakhomo, ndipo mwana amaphunzira ndi maso koposa ndi makutu. Bambo wolandira ndalama ya ana nkukaithera kumowa waphunzitsa kale phunziro limene mphunzitsi sangalifafanize. Lamulo la Mwana la 2009 limanena kuti kholo lili ndi udindo wopereka maphunziro ndi malangizo, koma lamulo silingalowe m'nyumba kukakhala pamkeka. Wolowamo ndi munthu amene eni nyumba amamdziwa ndi kumkhulupirira.

6. Ntchito ya unkhoswe

Nkhoswe si mwini ukwati, si woweruza, ndiponso si kazitape. Ndi munthu wodziwa zimene mbali zonse ziwiri zidalonjeza, wofika msanga utsi ukangoyamba kufuka, ndi wolimba mtima kudzudzula mbali iliyonse, ngakhale ya kwao komwe. Chitsanzo chake chidaoneka ku Dedza, kumene Mfumu Yaikulu Theresa Kachindamoto idasainitsa mafumu ake pangano lothetsa maukwati a ana. Siidalekere papepala. Idaika anthu m'midzi oti aziona mwana amene wasowa kusukulu, idaimitsa mafumu ophwanya pangano, ndipo pofika 2016 kudamveka kuti maukwati oposa 800 adali atathetsedwa. Pepala lidagwira ntchito chifukwa lidali ndi miyendo.

M'wilaya ya Nyasa mabungwe ofika m'mudzi uliwonse sabata iliyonse ndi owerengeka, ndipo mpingo uli pakati pawo. Chifukwa chake Sinodi ikupemphedwa kulingalira mfundo zisanu ndi imodzi izi.

Choyamba, mpingo uliwonse usankhe anthu awiri kapena atatu, amuna ndi akazi, a mbiri yabwino, odziwika kwa mphunzitsi wamkulu ndi ku komiti ya sukulu. Mwana akasowa masiku atatu otsatizana, iwowa akafike pakhomo kalata ya mtendaji isanalembedwe. Funso lawo loyamba likhale lakuti kwagwanji, osati lakuti mwalakwiranji. Ayendere mwana aliyense, wa mpingo uno, wa mpingo wina kapena wa Chisilamu, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chachiwiri, abusa alongosolere anthu pangano lonse m'chinenero cha pamudzi: zimene Boma lidasenza, zimene zidatsalira kholo, ndi ufulu wa mtsikana wobereka kubwerera m'kalasi. Munthu sangasunge pangano limene sadalimve.

Chachitatu, nkhani ya chakudya cha masana ikhale ya mpingo wonse. Kumene kuli munda wa mpingo, gawo lina lipite ku mphika wa sukulu, ndipo mwana wa nyumba yolephera kusonkha asaimitsidwe pambali anzake akudya.

Chachinayi, eni mabwato akhale nawo pansi. Ambiri a iwo ndi akhristu, ena ndi akulu a mpingo ndithu. Nkosayenera kuti chopereka cha Lamulungu chichokere m'thukuta la mwana amene Lolemba adzagona padesiki. Amvane okhaokha padoko lililonse kuti mwana wa sukulu asakwere bwato usiku wotsatana ndi tsiku la sukulu, chifukwa mmodzi akakana yekha, mnzake adzamtenga mwanayo.

Chachisanu, nkhoswe ilankhulenso ku mbali ya Boma. Chiwerengero cha aphunzitsi, madesiki, zimbudzi ndi nyumba zogona atsikana chilembedwe moona, ndipo chiperekedwe mwaulemu kwa diwani ndi ku khonsolo ya wilaya. Nthawi yake ndi ino. Ndondomeko ya maphunziro yokonzedwanso mu 2023 ikuti pulayimale ikhale ya zaka 6 ndipo maphunziro okakamiza akhale a zaka 10. Malinga ndi dongosolo limeneli, m'chaka cha 2027 ana a Sitandade 6 ndi a Sitandade 7 akumalizira pamodzi, ndipo magulu onse awiri akuyembekezeka kulowa Folomu 1 mu 2028. Kholo likufunsidwa kupereka mwana wake kwa zaka 10. Liyenera kuuzidwa kumene mwanayo adzakhale ndi kumene adzagone.

Chachisanu ndi chimodzi, mpingo udziyese wokha. Maphunziro a ubatizo ndi a chilimbitso, maulendo a makwaya ndi mapemphero ochezera asaikidwe pa nthawi yolanda mwana sukulu kapena tulo. Ndipo pamene Boma latsegulira khomo mtsikana amene adagwa, mpingo usakhale woyamba kumtsekera ndi manyazi.

Pali malire awiri oyenera kusungidwa. Mpingo usagwire ndalama za Boma, kapena kulowerera posankha olandira, kuopa kuti unganenedwe kuti ukukondera ake. Ndiponso unkhoswe usasanduke chophimba mlandu. Kumene mwana wagwiriridwa kapena wakwatitsidwa, nkhaniyo ndi ya lamulo, ndipo mbusa womaliza nkhani yotere pakhonde ndi mbuzi wagulitsa mwana.

Mawu otsiriza

A Wapampando ndi nthumwi zonse, pa mapangano onse atatu aja pali mmodzi amene sadafunsidwe, sadasaine, ndipo sadalandire kope lake: mwana mwini wakeyo. Koma pangano likaduka, Boma limangofafaniza dzina m'buku, kholo limataya mashilingi owerengeka, pamene mwana amataya zaka zimene sizidzabweranso. Boma lachita zambiri kuchokera pa msonkhano wa ku Musoma, ndipo liyenera kuyamikidwa ndi kukumbutsidwa zimene zatsala. Makolo ambiri akuyesetsa ndi manja opanda kanthu, ndipo ayenera kulimbikitsidwa ndi kudzudzulidwa pamene alekerera. Wochita ziwiri zonsezi ayenera kukhala munthu wa pamudzi pomwepo.

Mwezi udzalowanso mumdima, nyali zidzayakanso panyanja, ndipo m'mawa mwake padoko la Mbamba Bay, la Liuli ndi la Lituhi padzakhala ana a msinkhu wa sukulu. Sinodi ikadzakumananso, lipoti la mpingo uliwonse lidzanene kuti ndi ana angati amene adayenderedwa pakhomo, ndi angati mwa iwo amene adabwerera m'kalasi.